Mafunso a Owerenga: Yambani ndi Zenera Musanasankhe Nsalu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za makatani ndi zotchinga zina za pazenera, mwina chifukwa dzuwa la chilimwe layamba kuswa mtengo ndipo mabanja amene anamanga nyumba m'miyezi yopanda mvula akulowamo tsopano. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba sitinawatchule monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Ine ndi amuna anga tangolowa kumene m'nyumba yathu ku Area 25, ndipo ili ndi mazenera 9. Telala wathu akuti tigule mpukutu umodzi wa nsalu kuti makatani onse afanane, chifukwa nyumba ya makatani osiyanasiyana imaoneka yosalongosoka munthu akaima kumsewu. Vuto ndi lakuti chipinda chathu chogona chinayang'ana kumadzulo ndipo chimatentha kwambiri, pamene pabalaza pamakhala kamdima ngakhale masana. Kodi timvere telala? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, telala wanu akunena zoona pa mbali imodzi yokha, yakuti nyumba imaoneka bwino kunja mazenera akafanana. Komatu chimene munthu wodutsa mumsewu amaona ndi kumbuyo kwa katani, ndipo kumbuyoko mukhoza kukufananitsa mosavuta posokerera nsalu yachiwiri yoyera, imene atelala amaitcha laining'i, pa katani iliyonse. Mukatero, m'kati mwa nyumba muli ndi ufulu wopatsa zenera lililonse nsalu yoyenerana ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo imadziwika poona kumene zeneralo layang'ana.

Dziko lathu lili kumwera kwa ikweta, ndipo Lilongwe ali pafupi madigiri 14 kumwerako. Chifukwa cha zimenezi, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, motero mazenera oyang'ana kumpoto ndi amene amalandira kadzuwa kofunda panthawi imene aliyense akukafuna. Kumapeto kwa Okutobala ndiponso chapakati pa Febuluwale, dzuwa la masana limafika paliwombo penipeni, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera pang'ono kumwera, koma limakhala pamwamba kwambiri kotero kuti denga lotulukira kunja bwino limaphimba mazenera a kumpoto ndi a kumwera omwe. Ndikutchula zimenezi chifukwa malangizo ambiri amene timawaona pa intaneti analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene zenera la kumwera ndi limene limapsa ndi dzuwa, ndipo munthu wowatsatira osaganizira akhoza kupachika katani yochindikala pa zenera limene silikuifuna n'komwe.

Mazenera ovuta kwathu kuno ndi a kum'mawa ndi a kumadzulo, popeza dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limabwera chopingasa ndipo palibe denga limene lingalitchinge. La kumadzulo ndiye loipitsitsa, chifukwa dzuwa limafika pamenepo malata ndi makoma zitatentha kale tsiku lonse, ndipo kutentha kumene kwalowa m'chipinda cha m'ma 4 koloko kumakhalamobe nthawi yogona. Chipinda chanu chogona chikufunika nsalu yothithikana imene kuwala sikudutsa. Ogulitsa amaitcha blackout, dzina limene ambirife limatikumbutsa mavuto ena, koma nsaluyo ndi yabwino ndithu. Mbali yoyang'ana kugalasi ikhale yoyera kapena yotuwa, chifukwa mtundu wowala umabweza dzuwa pamene wakuda umamwa kutenthako n'kukutulutsira m'chipinda. Muzitsekanso katani imeneyi dzuwa lisanafike pazenera, cha m'ma 1 koloko masana, osadikira kuti chipinda chiyambe kutentha.

Pabalaza pamene mukuti pali kamdima, nsalu yolemera ingowonjezera mdimawo. Ikanipo nsalu yopepuka ya mtundu wowala, ndipo ndodo ya katani italike kupitirira zenera mbali zonse kuti mukatsegula, nsalu iunjikane pakhoma n'kusiya galasi lonse poyera.

Ndiwonjezepo za kusuluka kwa nsalu, chifukwa zimenezi zinandichitikira ine mwini. Ndinasoketsa makatani a chitenje cha buluu ndi chofiira, chokongola zedi, n'kuwapachika pa zenera la kumadzulo opanda laining'i pofuna kupulumutsa ndalama. Chilimwe chimodzi chisanathe, makwinya onse oyang'ana kugalasi anali atasuluka pamene obisika m'kati anali ndi mtundu wawo, moti nditatambasula nsaluyo pochapa inatuluka ya mizeremizere ngati mbidzi. Thonje ndi silika zimafooka msanga ndi dzuwa, pamene poliyesitala amapirira, choncho ngati mtima wanu uli pa chitenje, chisungireni zenera la kumwera kapena musaumire pa laining'i.

FUNSO: Zenera langa ndi lotambalala mita 1.5. Ndinagula nsalu yokwana ndendende muyeso umenewo, koma itasokedwa katani ikungooneka ngati bulangete loyanika, ndipo m'mbali mukulowa kuwala. Nditachapa yafupikanso. Ndinalakwitsa pati? Mphunzitsi wa ku Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, munayeza galasi m'malo moyeza ndodo, ndipo simunawerengere makwinya. Popeza masamu ndi anu, tiyeni tiwerengere limodzi.

Ndodo iyenera kupitirira zenera ndi masentimita 15 mpaka 20 mbali iliyonse, ndi kukhala masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pake. Pa zenera lanu, ndodoyo ikhala mita 1.9. Kuti katani ikhale ndi makwinya okwanira itatsekedwa, nsalu iyenera kutambalala kawiri kuposa ndodo, ndiye kuti mamita 3.8, ndipo leisi, popeza ndi yopyapyala, imafuna kawiri ndi theka kapenanso katatu. Tsopano yezani kuchokera pandodo kufika pansi. Tiyerekeze kuti mwapeza mamita 2.3. Onjezani masentimita 30 opinda mpendero wa m'munsi ndi wa pamwamba, ndipo mupeza mamita 2.6.

Pamene anthu ambiri amataya ndalama ndi pofika m'sitolo, chifukwa safunsa kuti mpukutu wa nsaluyo ndi wotambalala bwanji. Nsalu za makatani zimabwera kawirikawiri m'miyeso iwiri. Ina imakhala pafupifupi masentimita 150 m'lifupi, ndipo imeneyi iyenera kulumikizidwa: kuti mufike mamita 3.8 mufunika zidutswa zitatu, chilichonse chotalika mamita 2.6, zonse pamodzi mamita 7.8. Ina imakhala masentimita 280 m'lifupi, ndipo imeneyi telala amaitembenuza kuti lifupi lake likhale msinkhu wa katani, motero mungogula mamita 4 basi ndipo sipakhala msoko pakati. Nsalu yachiwiriyi imaoneka yodula pa mita, koma mukawerengera zonse nthawi zambiri imatuluka yotsika mtengo. Ngati nsalu ili ndi maluwa akuluakulu ndipo iyenera kulumikizidwa, gulani yowonjezera kuti maluwawo akumane pamsoko.

Za kufupika, nsalu ya thonje imakhwinyata ikachapidwa koyamba, ndipo masentimita ochepa pa mita iliyonse amakwana kuti katani imene inkafika pansi ilekezere m'malere. Muziichapa ndi kuisita musanapite nayo kwa telala, ndipo mumuuze asiye mpendero waukulu woti ukhoza kumasulidwa. Katani yaitali ilekezere sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa simenti, chifukwa m'nyumba zathu timakolopa tsiku ndi tsiku ndipo nsalu yokwawa pansi imada ndi madzi okolopera ndi polishi. Imene muli nayoyo musaitaye. Isamutsireni pa zenera laling'ono la chipinda cha ana, kumene ikhala ndi makwinya okwanira.

FUNSO: Nyumba yathu ili m'mphepete mwa njira yodutsa anthu ambiri. Tinaika leisi pabalaza ndipo tinkakhulupirira kuti palibe amene amationa, koma mayi oyandikana nawo anandinong'oneza kuti usiku zonse za m'nyumba mwathu zimaoneka. Kodi tinagula leisi yachabechabe? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Leisi yanu ilibe vuto, Mayi, ndipo anzanuwo muwathokoze chifukwa ena akanangoonerera osanena kanthu. Leisi imabisa mbali imene kuli mdima kwa munthu amene waima mbali yowala. Masana kunja n'kowala kuposa m'nyumba, choncho inu mumaona odutsa koma iwo sakuonani. Mukayatsa getsi usiku zinthu zimatembenuka, ndipo nyumba yanu imasanduka kanema wa ulere. Palibe leisi, ngakhale yodula chotani, imene ingasinthe zimenezi, ndipo ndi mmene zililinso ndi pulasitiki yakuda kapena yonyezimira imene ena amamata pagalasi.

Muikepo ndodo ziwiri kapena ndodo ndi waya, leisi ikhale pafupi ndi galasi ndipo katani yothithikana ikhale kutsogolo kwake, yoti muzitseka musanayatse getsi. Musanalipire nsalu yatsopanoyo, yatsani tochi ya foni kumbuyo kwake n'kuika dzanja pakati. Ngati zala zikuwerengeka, nsaluyo siikwanira pa zenera la kunjira. Mukapachika, tulukani panja usiku woyamba mukaone nokha zimene odutsa akuona.

FUNSO: Ku ofesi kwathu kuli mabulayindi, aja otchinga mazenera okhala ndi timizere, ndipo ndimawasirira. Ndikufuna kuwaika m'nyumba monse m'malo mwa makatani, kuyambira kukhitchini mpaka kubafa. Mazenera anga ndi achitsulo otsegukira kunja, okhala ndi zitsulo zotchinga akuba, koma awiri ndi a ma louvre. Kodi n'zotheka? Bambo wa ku Katoto, Mzuzu.

YANKHO: N'zotheka, Bambo, koma sindikukulimbikitsani kuwaika paliponse. Kukhitchini ndi kubafa ndiko mabulayindi amaposa katani kutali. Katani ya kukhitchini imamwa mafuta ndi fungo la ndiwo, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti mphepo ikaomba imatha kuikankhira pamoto, makamaka masiku ano pamene mabanja ena m'tauni akuphikira gasi. Thonje limayaka msanga, ndipo poliyesitala amasungunuka n'kudontha ali wamoto. Mabulayindi a timizere ta aluminiyamu, aja amatchedwa venetian, sayaka, sachita dzimbiri, ndipo mukhoza kupendeketsa timizereto kuti utsi utuluke koma wa kunja asaone m'kati. Konzekerani kuwapukuta ndi madzi a sopo kawirikawiri, chifukwa mafuta akasakanikirana ndi fumbi la Seputembala amamata ngati ulimbo, ndipo kupukuta kamzere kamodzikamodzi ndi ntchito yofuna kudekha.

Kubafa mdani ndi chinyezi. Nsalu imachita chuku, ndipo mabulayindi amatabwa amapindika, choncho sankhani a pulasitiki kapena aluminiyamu. Komabe, pa zenera laling'ono la bafa njira yabwino kuposa zonse ndi kuika galasi losaonekera m'kati n'kulisiya lopanda chotchinga chilichonse, kuti mpweya uziyenda ndipo makoma aziuma.

Tsopano za mazenera anu achitsulowo. Musanayitanitse kanthu, tsekani zenera ndipo muone mmene zogwirira zake zatulukira m'kati. Mabulayindi oikidwa m'kati mwa bowo la zenera amafuna malo oti atsike mosakodwa, ndipo pa mazenera athu ambiri zogwirira ndi zitsulo zotchinga akuba zimatenga malo amenewo. Ndinaonapo mabulayindi atsopano atapindika timizere titatu pa sabata yoyamba chifukwa eni ake ankapisa dzanja pakati pake m'mawa uliwonse kuti atsegule zenera. Zikakhala choncho, akhomereni pakhoma pamwamba pa zenera, apitirire mbali iliyonse ndi masentimita angapo. Pa ma louvre pamafunikanso chimodzimodzi, popeza magalasi ake akatsegulidwa theka lake limalowa m'nyumba. Ngati malo alipo ndipo mukufuna kuwaika m'kati mwa bowo, yezani lifupi malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kutenga muyeso wochepa kwambiri, chifukwa pulasitala ya amisiri athu siikhala yowongoka nthawi zonse, ndipo bulayindi silipindika ngati nsalu kuti likwane.

Kuzipinda zogona ndiko ndikukuletsani. Inu mukudziwa kuposa ine mmene Mzuzu amazizirira mu Juni ndi Julayi. Galasi limataya kufunda kwa m'nyumba usiku, ndipo timizere ta chitsulo sitithandiza kanthu pamenepo, pamene katani yochindikala yokhala ndi laining'i, yofika pansi ndi yogundana ndi khoma m'mbali, imatsekera mpweya wozizira kuseri kwake. Komanso mphepo ikalowa pa zenera lotsegula, mabulayindi achitsulo amagunda zitsulo zotchinga akuba usiku wonse, phokoso limene ku ofesi simulimva chifukwa mumakhala mutaweruka.

FUNSO: Achimwene anga anatitumizira mabulayindi okulunga kuchokera ku Johannesburg, ndipo ali ndi kachingwe ka timikanda kolendewera m'mbali. Mwana wanga wa zaka ziwiri amakonda kukakoka. Ndingamuletse bwanji kuti asawononge? Mayi wa ku Kasungu.

YANKHO: Mayi, musadere nkhawa bulayindi, derani nkhawa mwanayo, ndipo muchitepo kanthu lero lomwe. Kachingwe kameneka kamapanga khwekhwe, ndipo mwana wa msinkhu umenewo akalowetsamo mutu n'kuterereka pampando kapena pabedi, kamamukola pakhosi mwakachetechete moti munthu amene ali chipinda china samva kalikonse. Ngozi zotere zinachitika kangapo ku Britain mpaka mu 2014 anakhwimitsa malamulo a kapangidwe ka mabulayindi, kuti kachingwe kazikhala komangiriridwa kukhoma kapena kokhala ndi polumikizira poti pamasuke kakakokedwa mwamphamvu, ndiponso kuti kasatsike kupitirira mita 1.5 kuchokera pansi.

Yang'anani m'katoni imene anabweramo, chifukwa kawirikawiri mumakhala kapulasitiki kokhomera kukhoma kamene anthu amakataya osadziwa ntchito yake. Ngati mulibe, khomani mbedza pamwamba pomwe mwana sangafike ngakhale atakwera pampando, ndipo muzikulunga kachingweko pamenepo nthawi zonse. Bedi la mwana, sofa ndi tebulo zichoke pansi pa zeneralo. M'chipinda chimene mwanayo amagona yekha, ine ndikanachotsa bulayindilo n'kupachika katani wamba yopanda chingwe.

Popeza tikunena za ana, ndikumbutse owerenga onse za kandulo. Magetsi akathima, anthu ambiri amaimika kandulo pakhoma la m'munsi mwa zenera chifukwa ndi pamalo posalala, osaganizira kuti pamenepo ndi pomwe katani imakupiza ndi mphepo. Kandulo ikhale pambale, pakati pa chipinda, ndipo izimitsidwe wamkulu womaliza asanagone.

FUNSO: Kuno ku Salima kumatentha kwambiri moti ngakhale titatseka makatani masana, m'nyumba simukhalika. Usiku tikatseka timasowa mpweya, ndipo ndaona kuti udzudzu umabisala m'makwinya a katani. Kodi pali nsalu yapadera yoyenera kunyanja kuno? Mlimi wa ku Salima.

YANKHO: Bambo, vuto lanu silithera m'sitolo ya nsalu. Katani ili m'kati mwa nyumba, ndiye kuti pamene ikutchinga dzuwa, kutentha kumakhala kutadutsa kale pagalasi. Chotchinga chimene chimagwira ntchito m'madera otentha monga Salima, Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje ndi cha kunja, chimene chimaimitsa dzuwa lisanakhudze galasi, ndipo chimenechi muli nacho pafupi. Mphasa ya bango, kapena yolukidwa ndi timizere ta nsungwi, ikapachikidwa ku mtanda wa khonde kapena m'munsi mwa denga, motalikirana ndi zenera ndi masentimita 30 kapena kuposerapo, imapereka mthunzi koma mphepo imadutsabe m'mipata yake. Mumangirire zingwe ziwiri kuti muziikulunga dzuwa likalowa, ndipo m'munsi muikemo kamtengo kolemera kapena muimangirire ku nsanamira, chifukwa mwera ukayamba kuomba ikhoza kuswa galasi. Kupaka vanishi kumachedwetsa kufumbwa, ndipo nthawi ya dzinja ikulungeni n'kuisunga pouma. Ngakhale itatha pakapita zaka ziwiri, mtengo wake sufika pa mita zochepa za nsalu yochokera kunja, imene inakwera kwambiri kuyambira pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Za udzudzu mwaona bwino. Udzudzu wofalitsa malungo umapumula masana m'malo amdima ndi abata m'nyumba, ndipo makwinya a katani yakuda yofika pansi ndi malo otere. Kwanuko sankhani makatani aafupi, olekezera masentimita 10 mpaka 15 m'munsi mwa zenera, a mtundu wowala ndi a makwinya ochepa, ndipo muziwakutumula m'mawa potsegula. Chachikulu n'kukhoma waya wa sefa pa mazenera onse a zipinda zogona, kuti mukazimitsa nyali muzitha kukankhira katani pambali n'kugona zenera lili lotsegula. Katani siilowa m'malo mwa neti yonyikidwa m'mankhwala, ndipo aliyense m'nyumbamo azigonabe m'neti chaka chonse.

FUNSO: Ndine wophunzira ndipo ndikuchita lendi chipinda chimodzi. Eni nyumba analetsa kuboola kapena kukhoma misomali pakhoma, ndipo ndalama zosoketsera katani ndilibe. Pakadali pano ndimakoleka chitenje pa zitsulo za pazenera. Mtsikana wa ku Chinsapo, Lilongwe.

YANKHO: Achemwali, chitenje si chochititsa manyazi, chimangofuna kupachikidwa bwino. Gulani waya wa katani, uja wokutidwa ndi pulasitiki yoyera wokhala ndi timbedza kumapeto, mumudule afupike pang'ono kuposa lifupi la zenera kuti akungike, ndipo mumukoleke ku zitsulo zotchinga akuba za kumapeto, osakhudza khoma la eni ake. Telala akupindireni chitenjecho pamwamba kuti wayayo alowemo. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chikwana zenera la mita imodzi, ndipo ngati ndi chopyapyala, musokerere kumbuyo kwake nsalu yakale yoyala pabedi.

Mukapeza kangachepe, pitani ku kaunjika wa ku msika wa Tsoka, kumene makatani osokasoka amapezeka, ena okhala ndi laining'i kale. Tengani muyeso wa zenera wolembedwa papepala, chifukwa katani ikaunjikidwa pamulu imaoneka yaikulu kuposa mmene ilili. Itambasuleni moyang'anitsa kudzuwa kuti muone ngati ili ndi mizere yosuluka, kenako gwirani pamzere umodzi ndi manja awiri n'kukoka pang'ono. Nsalu imene inapsa ndi dzuwa kwa eni ake oyamba imamveka kuthetheka pakati pa zala, ndipo imeneyo idzang'ambika pa kuchapa koyamba ngakhale wogulitsa atakutsitsirani mtengo.